Chilombo Chosakhoma Msonkho

Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mukatsegula masamba ano mumayembekeza kupeza ndakatulo, nthano, kapena wina akusenda buku la mnzake ngati nthochi. Mundikhululukire tsono, pakuti ine ndabwera ndi nkhani ya masewera a pa kompyuta. Musanandizenge mlandu wowononga mapepala ndi inki ya gulu lathu, ndikupempha kuti mundimvere mpaka kumapeto, chifukwa nkhaniyi yatsala pang'ono kundidanitsa ndi mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, ndiponso funso lomwe lili m'kati mwake si lachilendo kwa munthu amene adayesapo kulemba nthano.

Tilipo anyamata ndi atsikana 8 amene timasewera Pokémon madzulo a Loweruka kudzera pa Pokémon Showdown, malo a pa intaneti pomwe munthu amasonkhanitsa zilombo zake ndi kumenyana ndi mnzake popanda kugula makina a Nintendo. Tidapangana kutsata malamulo a masewera a X ndi Y a 2013, chilombo chimodzi mbali iyi ndi chimodzi mbali inayo, ndipo tidaletsa zilombo zikuluzikulu zokhazokha. Teremu yatha ine ndidapambana mpikisano wathu osagonjako ngakhale kamodzi, ndipo amene adandigwirira ntchito yonse adali Mega Kangaskhan. Teremu ino anzanga 5 abwera ndi chilombo chomwecho, awiri aleka kubwera, ndipo ine ndapempha kuti tichiletse. Mnzanga uja adandiyang'ana nati: "Aise, wadya wakhuta, lero ukuti nsima inali yosapsa? Ukufuna kuletsa chifukwa nafenso taphunzira kuchigwiritsa ntchito." Mawuwa adandilasa, popeza muli choonadi pang'ono. Ndalemba nkhani ino kuti ndione ngati ndingathe kumuyankha ndi mfundo, osati ndi mkwiyo.

Poyamba ndifotokoze za masewerawo kwa aphunzitsi athu ndi ena amene sadawaonepo. Pokémon idayamba ku Japan mu 1996 pa kamakina ka m'manja kotchedwa Game Boy. Adaipanga ndi a kampani ya Game Freak motsogozedwa ndi Satoshi Tajiri, munthu amene ali mwana ankakonda kugwira tizilombo m'tchire. Pachiyambi zilombo zidalipo 151, koma lero zidapitirira 1,000. Pa mpikisano munthu aliyense amasankha zilombo 6. Chilichonse chimaloledwa zida 4 zomenyera kapena zodzitetezera, chithumwa chimodzi chonyamula, ndi chibadwa chimodzi. Chilinso ndi fuko lake, limodzi kapena awiri: madzi amazima moto, moto umatentha udzu, udzu umamwa madzi, ndipo mafuko 18 amalumana chotero. Osewera awiri amasankha chochita pa nthawi imodzi, wina osaona za mnzake. Ukhoza kumenya, kapena kubweza chilombo chako ndi kutulutsa china choti chilandire nkhonyayo. Pa bawo njere zonse zili poyera ndipo umawerenga maenje. Pano umawerenga mtima wa mnzako. Kukoma kwa masewerawa kwagona pamenepo.

Chilombo chilichonse chili ndi manambala 6 osonyeza moyo wake, ukali wa nkhonya, kulimba, liwiro ndi zina zotero. Anthu ambiri akamati chakuti ndi champhamvu mopitirira muyeso, amangowonkhetsa manambalawa. Kumeneku ndiye kulakwa koyamba. Slaking, chilombo chimene chidabwera mu 2002, manambala ake onse pamodzi ndi 670, pomwe a Mega Kangaskhan ndi 590. Komabe palibe amene amaopa Slaking, chifukwa chibadwa chake ndi ulesi: chikamenya kamodzi, ulendo wotsatira chimapumula. Mdani wanzeru amadziteteza pa ulendo womwe chikumenya, nachimenya pa ulendo womwe chili mtulo. Regigigas nayenso ali ndi 670, koma pa maulendo asanu oyamba ukali wake ndi liwiro lake zimakhala theka. Garchomp ndi woopsa ndithu, koma chida cha fuko la madzi oundana chimamupweteka kanayi kuposa muyeso wamba. Zithumwa nazonso zili chimodzimodzi. Choice Band imawonjezera theka pa ukali wa nkhonya, koma imakumangirira ku chida chimodzi mpaka utabwezedwa. Life Orb imawonjezera magawo atatu mwa khumi, koma imadya gawo limodzi mwa khumi la moyo wako nthawi iliyonse ukamenya. Zimenezi ndizo ndikuzitcha msonkho. Masewera onsewa adamangidwa pa lamulo lakuti wofuna mphamvu akhome msonkho, ndipo luso la wosewera ndi kudziwa pomwe mnzake wakhoma kuti amugwire pomwepo.

Mfundo yanga tsono ndi iyi: chimene chimapendeketsa masewera si kukula kwa mphamvu ayi, koma mphamvu imene sikhoma msonkho wolingana nayo. Chilombo chotere chikalowa m'bwalo, anthu amasiya kufunsa kuti "mnzangayu akuganiza chiyani?" nayamba kufunsa funso limodzi lokha: "nanga chija ndichita nacho bwanji?"

Chitsanzo chakale ndi Mewtwo wa m'masewera oyamba aja. Fuko lake, lotchedwa Psychic, lidayenera kuopa mafuko awiri, la mizukwa ndi la tizilombo. Koma opanga adalakwitsa polemba malamulo m'makina, kotero kuti chida cha mizukwa sichinkalikhudza n'komwe, ndipo zida za tizilombo zidali zofooka zedi. Kuwonjezera apo, nthawi imeneyo nambala imodzi yokha ndiyo inkalamulira kumenya ndi kudziteteza pa zida zosakhala za nkhonya, ndipo ya Mewtwo idali 154. Chida chotchedwa Amnesia chinkaiwirikiza nambalayo pa ulendo umodzi, pamene Recover inkabweza theka la moyo. Mu 1999, pa masewera a Gold ndi Silver, a Game Freak adavomereza kulakwa kwawo mwa ntchito: adagawa nambala ija pawiri, nabweretsa mafuko awiri atsopano, Dark ndi Steel, oti alimbane ndi Psychic. Komabe Mewtwo sadanyenge munthu. Aliyense ankaona kuti ameneyu ndi wa bwalo lina, ndipo ngakhale mipikisano yoyambirira ya Nintendo ku Japan idamuletsa. Mkango ukalowa m'mudzi palibe amene amaitanitsa msonkhano kuti akambirane ngati uli woopsa.

Vuto lenileni ndi chilombo chooneka wamba, ndipo apa ndi pomwe Kangaskhan akulowera. Kuyambira 1996 adali nyama yosatchuka, mayi wonyamula mwana m'thumba la pamimba. Mu 2013 opanga adabweretsa kusandulika kotchedwa Mega, komwe chilombo chonyamula mwala wake chimakula mphamvu nkhondo ili m'kati. Kangaskhan akasandulika, mwana uja amatuluka m'thumba nayamba kumenya nawo. Chibadwa chimenechi, Parental Bond, chimachititsa kuti chida chimodzi chigunde kawiri, ndipo pa malamulo a 2013 kugunda kwachiwiri kudali theka la koyamba. Taonani bwino apa. Theka lowonjezera ndi lomwe lija Choice Band imapereka, koma Kangaskhan amalilandira osamangidwa ku chida chimodzi. Chithumwa cha Focus Sash, chomwe chimapulumutsa chilombo chofooka pa nkhonya imodzi yakupha, chimasanduka chopanda ntchito, pakuti mayi akagunda, mwana amamaliza. Chida chotchedwa Power-Up Punch chimakweza ukali wa womenya nthawi iliyonse chikagunda. Kwa Kangaskhan chimagunda kawiri, choncho pa ulendo umodzi wapweteka mdani ndiponso wawirikiza ukali wake, pomwe zilombo zina zimataya ulendo wathunthu zikuvina kuti zipeze mphamvu yomweyo. Fuko lake limaopa fuko limodzi lokha, la omenya nkhonya. Ndipo iwe ukatulutsa chilombo chothamanga kumuposa, ali ndi Sucker Punch yomwe imayamba kugunda iwe usanamenye.

Ndisanene bodza, msonkho wina amakhoma. Mwala uja umatenga malo a chithumwa, ndipo munthu amaloledwa kusandutsa chilombo chimodzi chokha pa nkhondo iliyonse. Palinso njira zomuvutitsa: chithumwa cha Rocky Helmet chimabaya aliyense wokhudza mwini wake, ndipo Kangaskhan amabayidwa kawiri, chimodzimodzi akamenya Ferrothorn wa minga uja. Koma kukhoma tambala pa katundu wa ngolo yathunthu si kukhoma msonkho. Ndipo taonani zomwe zachitika pa gulu lathu. Aliyense tsopano amayamba kusankha Kangaskhan, kenako chilombo cha minga choti chilimbane ndi Kangaskhan wa mnzake, kenako china choti chichotse cha minga cha mnzakeyo. Malo atatu mwa 6 atha munthu asanayambe kuganiza zake. Mtsikana wina amene ankakonda kubwera ndi zilombo zachilendo, zomwe ena tonse sitinkazidziwa, ndi mmodzi mwa awiri aja amene adaleka. Adandiuza mosabisa kuti kuonera Loweruka limodzi n'kuonera onse.

Mnzanga ali ndi mfundo ziwiri, ndipo zonse ndi zoyenera kuyankhidwa mwaulemu. Yoyamba ndi yakuti aliyense ali ndi ufulu wotenga Kangaskhan, choncho palibe amene akuberedwa. Izi ndi zoona. Koma kuponya khobidi m'mwamba nakonso sikubera munthu, ndipo palibe amene amakutcha masewera a nzeru. Chilungamo ndi chinthu china, kulemera kwa masewera ndi chinthu chinanso. Kunena za khobidi sikuti ndikungokokomeza. Kangaskhan awiri akakumana ndi liwiro lofanana, makina ndiwo amachita maere kuti ayambe ndani, ndipo kawirikawiri woyamba ndiye wapambana. Masabata apitawa ndaona nkhondo zingapo zikutha chotero, wopambana osadziwa chomwe wachita bwino, wogonja osadziwa chomwe walakwa. Masewera omwe wogonja satolapo phunziro afa kale, ngakhale anthu akadali pa mipando.

Mfundo yake yachiwiri ndi yokoma kwambiri, ndipo aliyense wokonda Pokémon amaidziwa. Mu 2014, pa mpikisano wa dziko lonse ku Washington, D.C., Se Jun Park wa ku South Korea adapambana ali ndi Pachirisu, kagologolo komwe manambala ake onse ndi 405 okha, ndipo pa zilombo zake 6 padalibe Kangaskhan, ngakhale chaka chimenecho Kangaskhan adali ponseponse. Kanthu n'khama, amatero mnzanga, phwiti adakwatira njiwa. Inenso nkhaniyi ndimaikonda, koma tiyeni tiione bwino. Mpikisano umenewo ndi wa zilombo ziwiri mbali iliyonse pa nthawi imodzi. Pachirisu sankapha adani. Ntchito yake idali kugwiritsa chida cha Follow Me, chomwe chimakokera nkhonya za adani kwa iye mwini, kuti mnzake Gyarados apeze mpata wokula ndi kumenya. Chibadwa chake chimamwa mphenzi, chinthu chomwe Gyarados amaopa. Kadali kanzeru kokongola zedi, kosokedwa molingana ndi adani a sabata imeneyo. Koma pa masewera athu a chilombo chimodzi mbali iliyonse, Follow Me ilibe ntchito, chifukwa palibe mnzako womuteteza. Ndiponso tisaiwale chaka chotsatira. Mu 2015 ku Boston adapambana ndi Shoma Honami wa ku Japan, ali ndi Kangaskhan, Cresselia, Heatran, Amoonguss, Landorus ndi Thundurus, ndipo magulu ambiri ofika kumapeto adali ofanana kotero kuti anthu adawapatsa dzina limodzi, CHALK, potenga zilembo zoyamba za mayina a zilombo zisanu. Timasimbabe za Pachirisu chifukwa zotere sizichitika kawirikawiri. Phwiti mmodzi akakwatira njiwa sitinena kuti phwiti ndi njiwa ndi ofanana msinkhu.

Sindili ndekha pa maganizo amenewa. Gulu la osewera la pa intaneti lotchedwa Smogon, lomwe limaika zilombo m'magawo molingana ndi kuchuluka kwa ozigwiritsa ntchito, lidaletsa mwala wa Kangaskhan m'gawo lake lalikulu pasanathe miyezi itatu chitulukireni X ndi Y. Eni ake masewera nawonso adagonja. Mu 2016, pa Sun ndi Moon, adachepetsa nkhonya ya mwana uja kuchoka pa theka kufika pa gawo limodzi mwa anayi. Sadamuphe Kangaskhan, adangomukweza msonkho. Wopanga chinthu akabwerera kudzachikonza, ife ogwiritsa ntchito tisachite manyazi kunena kuti chidali chopindika.

Komabe ndisapitirire malire, chifukwa pali zinthu ziwiri zomwe zimandiletsa kunena kuti chilombo chilichonse champhamvu chichotsedwe. Choyamba ndi nkhani ya Mega Rayquaza. Chinjoka chimenechi chidabwera mu November 2014 ndi manambala okwana 780. Chimasandulika popanda mwala, motero chimanyamulanso chithumwa china, ndipo chibadwa chake chimafafaniza zofooka za fuko lake la zouluka. Ameneyu ndiye wozemba msonkho weniweni. A Smogon adali ndi gawo lotchedwa Ubers, komwe ankatayako zilombo zonse zoletsedwa, koma Rayquaza adakula ngakhale kumeneko, mpaka adachita kutsegula gawo latsopano lotchedwa Anything Goes, kutanthauza kuti chilichonse n'chololedwa. Chodabwitsa n'chakuti mu 2016, pamene mpikisano wa dziko lonse udalola munthu aliyense zilombo zikuluzikulu ziwiri, Rayquaza sadalamulire yekha. Groudon ndi Xerneas adali ofala kwambiri chaka chimenecho, ndipo pamene Wolfe Glick wa ku America adapambana ku San Francisco ali ndi Rayquaza ndi Kyogre, adatero mothandizidwa ndi zilombo zazing'ono monga Raichu ndi Hitmontop. Apa tikuphunzira kuti chilombo sichikhala chopitirira muyeso pachokha. Chimapitirira muyeso wa bwalo lomwe chaikidwamo. Ng'ona ya m'madzi ndi ya pamchenga ndi nyama imodzi, koma mantha ake ndi osiyana. Choncho funso si lakuti "kodi Kangaskhan ndi woipa?" koma lakuti "kodi bwalo lathu la Loweruka lingamunyamule?"

Chachiwiri ndi Incineroar. Kuyambira 2018, pamene adalandira chibadwa chofooketsa nkhonya za adani akangolowa m'bwalo, mphaka ameneyu wakhala akupezeka m'magulu ochuluka zedi pa mipikisano ya zilombo ziwiri, chikhalirecho manambala ake ndi 530 okha ndipo sapha adani ambiri. Alipo anthu amene adatopa naye, ndipo sindiwadzudzula. Koma ine ndimaona kusiyana. Incineroar ali ngati mchere: amapezeka m'mphika uliwonse, koma ndiwo zake zimakhala zosiyanasiyana, ndipo nthawi zambiri iye ndiye amapatsa zilombo zofooka mpata wopuma. Kangaskhan wa 2013 ndi ndiwo imene imathamangitsa ndiwo zinzake pa mphasa. Kuchuluka kwa ogwiritsa ntchito chilombo, tsono, si umboni wokwanira. Tiyenera kufunsa ngati kubwera kwake kwachulukitsa njira zosewerera kapena kwazichepetsa. Ndikuvomera kuti malire a ziwirizi saoneka bwino nthawi zonse, n'chifukwa chake a Smogon pa milandu yovuta amayamba ayesa chilombocho kwa masiku angapo, kenako osewera amene aonetsa luso amaponya voti. Chiweruzo chotere chikhoza kulakwika, koma n'chabwino kuposa kukhala chete.

Kwa inu anzanga olemba, nkhani yonseyi mukuidziwa kale m'njira ina. Kangati pa misonkhano yathu tamvera nthano ya mnyamata wanzeru kuposa onse, wamphamvu kuposa onse, wokondedwa ndi atsikana onse, ndipo tsamba lachitatu lisanathe ena ayamba kuyasamula? Sitidana naye chifukwa cha mphamvu zake. Timatopa naye chifukwa sataya kanthu, ndipo anthu ena onse m'nthanomo amasanduka mithunzi yongomuombera m'manja. Agogo athu ankadziwa zimenezi. Kalulu adampatsa nzeru nammana thupi. Njovu adaipatsa thupi naichepetsera kuchenjera. Ndipo tsiku lina kalulu yemweyo adagwidwa ndi kamba pa chitsime. Wolemba nthano ndi wopanga masewera ali ndi ntchito imodzi pamenepa, yoonetsetsa kuti aliyense wolowa m'bwalo ali ndi pogwirika. Pomwe pali mmodzi wosagwirika, enawo amaleka kulankhula zawo nayamba kumutsanzira, ndipo osafuna kutsanzira amanyamuka mwakachetechete.

Tsopano ndibwerere kwa mnzanga ndi mlandu wake wakuti ndadya ndakhuta. Ndikuuvomera. Ndidaona vutoli teremu yatha, pamene ndinkapambana, ndipo ndidakhala chete chifukwa kupambana kumakoma. Ndidadziuza kuti ndi luso langa. Chidanditsegula maso ndi tsiku lomwe iye, atangophunzira Kangaskhan kwa masiku awiri, adandigonjetsa katatu motsatizana, pogwiritsa ntchito zida zomwezo ndi ndondomeko yomweyo imene ine ndinkayesa nzeru zanga. Pamenepo ndidazindikira kuti teremu yatha sindidapambane ine. Adapambana Kangaskhan, ine ndidangomunyamulira chikwama. Kuti ndidachedwa kunena zoona ndi mlandu wanga, koma kuchedwako sikusandutsa zoonazo kukhala bodza.

Loweruka likudzali tidzaponya voti. Ndapempha kuti awiri aja amene adaleka aitanidwe, pakuti iwo ndiwo adalipira msonkho umene chilombocho chidazemba. Ine ndidzavotera kuti mwala wa Kangaskhan uletsedwe, koma Kangaskhan mwini, mayi wamba uja ndi mwana wake m'thumba, akhalebe wololedwa. Mayunitsi omwe ndidapata monga mphotho ya teremu yatha ndidzawabweza m'thumba la gulu. Voti ikandikana ndidzasewerabe, ndipo ndidzabwera ndi Ferrothorn wanga wa minga monga wina aliyense. Mnzanga akuti ndikapanda Kangaskhan sindidzapambananso, ndipo mwina akunena zoona. Ndikufuna ndidziwe, chifukwa mpaka lero sindikudziwa ngati ndimatha kusewera.